Mchere Pamphumi pa Chisankho

Area 23, Lilongwe
11 Febuluwale 2024

Wokondedwa mwana wanga Sophie,

Ndikhulupirira uli bwino ku Cape Town kumeneko. Kuno tadzuka, kungoti miyendo yangayi ikumatupa. Katundu unapatsira a Kasimu a thiraki uja anafika, ndipo nsapato zandikwana. Kalatayi ndiwapatsa iwo omwewo, poti pafoni sinditha kunena zonse, mlamu wako Jemima amakhala ali pafupi.

Nkhani ndi ya Chisankho, mwana wa achimwene ako a Lewis. Mankhwala a TB aja wamwa miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa tsiku, koma chifuwa chikadalipo. Ali ndi zaka zitatu, koma ukamunyamula amangokhala ngati wa chaka chimodzi. Lewis, Jemima ndi mwanayo anawayeza magazi, kachilombo alibe. Umu ndi mmene anayambira Dan, mwana wawo woyamba uja, amene tinamuika zaka zinayi zapitazo.

Ine ndine wa Mvano, sindikonda kutchula zamakolo. Koma ana awiri m'nyumba imodzi akamafota chimodzimodzi, akuluakulu amati ndi tsempho. Tanthauzo lake ukulidziwa: mmodzi mwa makolo akuyenda kunja, kenako n'kumadzathira mchere m'ndiwo za ana kapena kuwanyamula. Lewis ndamufunsa, walumbira atagwira Baibulo. Amalawirira kukawotcherera zitseko ku Mchesi, pobwera amakhala atatheratu. Nthawi ya akazi aipeza kuti? Jemima sindinamufunse, koma ndikumuona.

Lachinayi lapitali azimayi anzanga anandifunsa kuti mwana wanu akuphunzira udokotala wanji wosatha. Ndinati unandiuza kuti ukufufuza mmene thupi limatayira zinyalala zake. Anaseka mpaka amayi abusa anachita kutiletsa. Undilembere bwinobwino kuti ndikawayankhe. Ngati kumeneko kuli mankhwala amphamvu a chifuwa, utumize.

Ndine mayi ako,
Dorica Tiwale


Cape Town
3 Malichi 2024

Okondedwa Amayi,

Ndathokoza kalata yanu. Ine ndili bwino. Miyendoyo muziiika pampando mukakhala, ndipo mukayezetse kuthamanga kwa magazi.

Za Chisankho zandiwawa. Mankhwala sindingatumize ndisakudziwa chimene akudwala, ndipo mukumbukire kuti ine si dokotala wa odwala, ndimagwira ntchito mu labu. Pali TB ina yosamva mankhwala, mukapemphe amuyeze imeneyo. Za tsempho ndikukupemphani muzisiye. Mlamu anaika kale mwana mmodzi, musamuwonjezere katundu.

Azimayiwo mukawauze chonchi. Thupi lathu linapangidwa ndi tizipinda tating'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Selo lililonse lili ndi khoma lake, ndipo pakhomapo pali timakomo. Ine ndimafufuza kakhomo kamodzi kamene mchere umadutsira. Mchere ukadutsa, madzi amautsatira, ndiye makhololo a m'mapapo amakhala ofewa, munthu n'kumawatulutsa mosavuta.

Kakhomo kameneka selo limakapangira m'kati mwake. Kamayamba ngati chingwe chachitali, kenako kamapindidwa mwaluso mpaka katenge maonekedwe ake. Chisanatumizidwe kukhoma, selo limayendera chilichonse chimene lapanga. Chikapindika molakwika, limayesa kuchiwongola. Chikakanika, limachimata chizindikiro, n'kuchikokera ku kachigayo kake kamene kamachiduladula. Izi ndiye zinyalala zimene ndinkanena. Zimachitika mwa ife tonse tsiku lililonse, ndipo zimatiteteza.

Koma pali anthu ena obadwa ndi kakhomo kamene nthawi zonse kamatuluka kopindika pang'ono. Selo limagaya pafupifupi tonse, ndipo ngakhale kamene kazemba n'kufika kukhoma, limakabweza n'kukawononga. Khoma limatsala lopanda khomo, makhololo amalimba ngati phula, mapapo n'kumawola pang'onopang'ono. Matendawa amatchedwa sisitiki faibulosisi. Chondiwawa n'choti kakhomo kopindikako, katati kasiyidwe, kakhoza kugwirako ntchito ndithu. Ndiye ife tikufufuza njira yoti selo lisamafulumire kutaya.

Musade nkhawa, ndi matenda a azungu. Kusukulu anatiphunzitsa kuti kwathu kuno n'ngosowa kwambiri, ndipo maselo onse amene ndimagwiritsa ntchito anachokera kwa odwala a ku Ulaya. Mukawauze azimayiwo kuti mwana wanu amayang'anira chigayo chaching'ono kuposa fumbi.

Moni kwa achimwene ndi kwa mlamu. Nyemba za ku Dedza zikapezeka munditumizireko.

Mwana wanu,
Sophie


Area 23
2 Epulo 2024

Alamu anga a Sophie,

Pepani kuti kalatayi mwaipeza pansi pa thumba la nyemba. Amayi amaona chilichonse cholowa m'katundu wanu, ndipo foni yanga anatenga abambo a Chisankho kuti azionamo amene amandiimbira. Thumbali ndasoka ndekha.

Ndikukulemberani chifukwa ndinamva kuti munandiikira kumbuyo. Ndilibe wina woti ndimuuze. Mwezi watha Amayi anasambitsa Chisankho, atamupukuta anamupsompsona pamphumi. Anangoti chilili, kenako anandiitana. Anati, "Lawani mwana wanuyu." Ndinati ndikudziwa kale, amawawa mchere kuyambira ali wakhanda. Anati, "Ndiye mukudziwa kale? Mchere umene mumathira ndi manja anu odetsedwawo ndi umene ukutulukira pakhungu pake." Kuyambira tsiku limenelo anandiletsa kuthira mchere m'ndiwo. Ndimaphika, ndikafika pothira mchere ndimaitana Amayi, aneba akuona.

Alamu, ine sindinayendepo ndi mwamuna wina. Zaka zisanu ndi chimodzi zimene ndinkaphika kwa azungu aja ku Area 43 ndinkabwera kunyumba dzuwa lisanalowe. Ndinasiya ntchito yabwino ija kuti ndisamale mwanayu.

Ndikuuzeni zimene ndimaona, poti kuchipatala mzere umakhala wautali, ndipo ukangoti chifuwa amayamba kulemba usanamalize. Chisankho amadya kuposa ine, koma sanenepa. Chimbudzi chake chimakhala chambiri, chonunkha kwambiri, chamafuta, moti thewera silinkayera ndi sopo. Mimba ndi yotupa. Akasewera padzuwa, thukuta likauma, m'mphepete mwa tsitsi mumatsala zoyera ngati ufa. Nsonga za zala zake zayamba kukula ngati timitu ta machesi. Dan analinso chimodzimodzi, mchere womwewo, chimbudzi chomwecho. Nthawi imeneyo sindinauze munthu, ndinkaona ngati ana onse amatero, poti anali woyamba.

Amayi anapita kwa sing'anga wina ku Mgona. Iye akuti mwanayu achotsedwe m'manja mwanga, ndipo asalawenso mchere mpaka wa m'thupiwo utatha. Ankhoswe akumana mwezi wamawa. Ngati pali chimene mukuchidziwa, ndithandizeni msanga. Mundiyankhe kudzera kwa a Kasimu, apereke kwa mkulu wanga Ennie ku Chinsapo.

Ndine mlamu wanu,
Jemima


Mchesi
20 Juni 2024

Chemwali Sophie,

Moni. Ine ndili bwino, ntchito ikuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha magetsi. Ndati ndikulembere poti pafoni paja tinangokalipirana.

Ankhoswe anakumana, ndipo zinatha momwe unamvera. Jemima ali kwa mkulu wake ku Chinsapo. Sindinamuthamangitse, tangoti aliyense akhale kaye payekha. Chisankho ali ndi Amayi kunyumba. Akumuphikira payekha, zopanda mchere, ndipo akumwa mankhwala a ku Mgona aja. TB yosamva mankhwala ija anamuyeza, alibe. Ndiye iwe ukuti tichite chiyani? Achipatala akuti si ichi, si icho. Ine ndinanyamula bokosi la Dan pamiyendo panga mpaka ku Ntcheu. Sindikufuna kunyamulanso lachiwiri. Amene akutiuza chochita ndi amene tikumumvera.

Jemima anabwera kawiri kudzaona mwana. Ulendo wachiwiri anandifunsa ngati unanenapo kanthu za nyemba zimene anakutumizira. Ndinati sunanene. Anangogwedeza mutu n'kumapita. Ngakhale zinthu zili chonchi, ukanathokozako.

Ukapeza magalasi akuda a chipewa chowotcherera unditumizire awiri. A kuno akumasweka msanga.

Ndine mchimwene wako,
Lewis


Cape Town
25 Ogasiti 2024

Achimwene,

Ndakuimbirani kasanu ndi kawiri lero, simukuyankha. Foni ya Amayi ndi yothima. A Kasimu anyamuka mawa, ndiye ndikulemba kalatayi usiku uno.

Nyemba zija ndinaziika m'kabati osamasula. Lero ndaona kuti zayamba kufumbwa, ndazikhuthulira m'beseni, ndipo pansi pake ndapeza kalata ya mlamu ya pa 2 Epulo. Yakhala m'khitchini mwanga miyezi inayi, ine n'kumaidutsa tsiku lililonse popita kukagwira ntchito ya matenda omwewo amene iye akulongosola m'kalatamo.

Achimwene, ndikuganiza kuti Chisankho ali ndi sisitiki faibulosisi, ndipo ndikuganiza kuti Dan anafa nayo. Pamaliro a Dan ndinalipo. Ndinamva anthu akuti chifuwa, ndipo sindinafunse funso ngakhale limodzi.

Mvetserani. Kakhomo ka mchere kamene ndinalembera Amayi kaja sikali m'mapapo mokha. M'mimba kamathandiza kuti madzi ogaya chakudya atsike. Kakasowa, chakudya chimangodutsa osagayika, n'chifukwa chake mwanayo amadya koma osanenepa. Pakhungu ntchito yake ndi kubweza mchere wa m'thukuta kuti ubwerere m'thupi. Kakasowa, mcherewo umatsala kunja. Umene Amayi analawa pamphumi pake suchokera m'manja mwa mlamu. Ndi wa m'magazi a mwanayo, ukutayika.

Inu mukawotcherera felemu ikapotoka pang'ono, mumaiwongola ndi hamala n'kukaiika panyumba, chitseko n'kumatsekeka ndithu. Selo la Chisankho likawongola kamodzi kawiri n'kulephera, limadula felemuyo n'kupanga ina, nayonso n'kutuluka yopotoka, n'kuidulanso. Lakhala likutero kuyambira ali m'mimba. Palibe amene anamulodza, palibe amene anachimwa. Mwana amadwala matendawa pokhapokha akatengera mbewu yolakwika kwa bambo ndi inanso kwa mayi. Makolowo sadwala, ndipo sadziwa kuti ali nayo.

Chofunika lero ndi ichi: mupatseni mchere. Kumumana mchere mwana ameneyu kungamuphe, makamaka kukayamba kutentha. Thirani m'phala, m'ndiwo, mupatseni thanzi ORS akatuluka thukuta. Mankhwala a ku Mgona musiye. Mupite naye kwa dokotala wa ana, mukamuonetse kalata ino. Ndalembanso ina kwa mlamu.

Ndinalakwa kuuza Amayi kuti ndi matenda a azungu. Ndinangobwereza zimene ndinamva. Ndakhala ndikuwerenga tsiku lonse, ndipo madokotala ambiri akuti mwa anthu akuda aliponso, kungoti sitiwayeza. Anawo timawalemba kuti TB kapena kunyentchera, n'kuwaika.

Chonde ndiimbireni.

Sophie


Mchesi
16 Sepitembala 2024

Sophie,

Kalata yako ndailandira, ndaiwerenga katatu. Amayi anatulutsanso ija unawalembera mu Malichi, tinaziika pamodzi patebulo.

Mu Malichi unalemba ndi dzanja lako kuti ndi matenda a azungu. Nthawi imeneyo sunkaikira munthu kumbuyo, unkangonena zimene unaphunzira. Lero ukuti ana anga onse awiri ali nawo. Ndiye ndinakhala pansi n'kuwerengera zaka. Jemima anayamba kuphika ku Area 43 chaka chimodzi Dan asanabadwe. Anasiya ntchitoyo Chisankho ali ndi miyezi isanu. Bwana wa nyumba ija ndinkamupatsa moni ndi manja awiri, geti lake ndinawotcherera ndine.

Masiku atatu sindinagwire ntchito. Ndinkangokhala pa benchi kuyang'ana zitsulo. Kunyumba ndimamuyang'ana Chisankho, khungu lake, tsitsi lake, makutu ake, kufunafuna pamene pali ine. Akandithamangira kuti adadi, ndimalephera kumunyamula.

Zoti unalakwitsa ukuzinena tsopano chifukwa wazindikira chimene waulula. Usandipusitse ndi nkhani za mafelemu. Kwathu kulibe matenda otengera amenewo, ine ndili ndi mphamvu, iwe uli ndi mphamvu. Amayi akuti za mchere sasintha, akuti iwe ndi sing'anga uja mukunena chinthu chimodzi, choti Jemima anayenda kunja, kusiyana mawu okha.

Nambala yako ndaitseka kaye. Magalasi aja usatumize.

Lewis


Chipatala, wodi ya ana
28 Okutobala 2024

Alamu,

Chisankho ali moyo. Ndayamba ndi zimenezi kuti muwerenge zotsalazo mtima uli pansi. Kalatayi aijambula anamwino ena pafoni yawo kuti ikufikeni lero.

Kalata yanu inandipeza mochedwa, poti thiraki ya a Kasimu inawonongeka panjira, ndipo atafika anapereka ya ku Mchesi yokha, yanga anaiwala m'galimoto mpaka ulendo wotsatira. Ndinaiwerenga pa 14 mwezi uno. Ndinali nditaganiza kale kuti munaona kalata yanga ija n'kusankha kukhala chete.

Tsiku lomwelo ndinapita ku Area 23. Kunali kotentha moti phula linkamata ku silipasi. Ndinapeza mwana atagona pamphasa pakhonde, maso atalowa, milomo itauma. Amayi anati wakhala akusanza masiku awiri ndipo akukana madzi. Ndinamuitana, sanatembenuke. Nditamunyamula mutu unangogwera kumbuyo.

Amayi anaima pageti. Anati, "Mukupita naye kuti mwana wa eni?" Ndinati, "Amayi, mukuti si wa mwana wanu. Ndiye ndi wanga ndekha. Ndipatseni njira." Sindinayambe ndawayankhapo chotero. Anapatuka.

Kuchipatala anakomoka tili pamzere. Anamuthamangitsira m'kati, anamuika diripi, anatenga magazi. Patapita nthawi kunabwera dokotala wachizimayi, a Dokotala Thokozire, atanyamula pepala. Anati, "Mayi, mchere wa m'magazi a mwanayu watsika kwambiri. Wakhala akutsegula m'mimba?" Ndinati ayi, koma wakhala miyezi isanu osadya mchere. Anandiyang'ana ngati sanamve. Ndinawapatsa kalata yanu. Anaiwerenga ataimirira, kenako anakhala pabedi n'kuiwerenganso. Anagwira zala za Chisankho, anafunsa za chimbudzi, anafunsa za Dan. Ndiye anati, "Zaka khumi ndi ziwiri ndili muno. Ndi angati amene ndawabweza ndi mankhwala a TB?" Sankafunsa ine.

Pa tsiku lachinayi mwana anadzuka n'kupempha mbatata. Pano akumupatsa mankhwala a m'mapapo, ndipo andiphunzitsa kumuwomba pamsana ndi pachifuwa ndi dzanja lokhala ngati chikho, kuti makhololo atuluke. Adokotala adontheza magazi ake pa kapepala kolimba, akuti atumiza ku labu ya kumeneko monga munapempha m'kalata yanu ija. Anatenganso anga. Abambo ake anakana kupereka awo. Anabwera kamodzi, anaima pakhomo la wodi, anamuyang'ana ali mtulo, anasiya jumbo ya malalanje kwa mlonda n'kubwerera.

Zimene akundinenera za ku Area 43 ndinazimva kwa Ennie, iyenso anazimva kumsika. Sindikukuimbani mlandu. Koma mudziwe kuti mawu anu amodzi aja, oti ndi matenda a azungu, afika kutali.

Jemima


Cape Town
9 Disembala 2024

Amayi, achimwene, ndi mlamu,

Ndalemba makalata atatu ofanana kuti wina asamve kwa mnzake. Zotsatira zatuluka, ndipo a Dokotala Thokozire ali nazo. Mlamu wandilola kuti ndikuuzeni.

Chisankho ali ndi sisitiki faibulosisi. Ali ndi mbewu ziwiri zolakwika, zosiyana. Imodzi anatengera kwa mayi ake, ndipo imeneyo imachititsa kuti kakhomo kaja kasapangidwe n'komwe. Inayo ndi ya mtundu wopindika uja, umene selo limagaya.

Achimwene atakana kupereka magazi, ndinakapereka anga. Sindinauze munthu. Mbewu yachiwiri ya Chisankho, yosowa kwambiri moti a ku labu anachita kuibwereza kuti atsimikize, ndili nayo ine. Cholakwika chomwecho, pamalo omwewo a mbewuyo. Ine sindinaphikepo ku Area 43. Ndinaitenga kwa Amayi kapena kwa malemu Ababa, ndipo achimwene anaitenganso komweko n'kuipereka kwa mwana wawo. Chisankho ndi wa kwa Tiwale. Pepala lili m'envelopumu, aliyense wodziwa kuwerenga zimenezi akhoza kukuuzani.

Zaka zisanu ndakhala ndikuyang'ana matendawa pa makina ngati nkhani ya anthu akutali. Theka la timakomo timene thupi langa limapanga timathera m'chigayo chija, ndipo sindinkadziwa. Theka linalo ndi limene landisunga.

Sindikunamizani, matendawa sachira. Pali mapiritsi othandiza kakhomo kupindika bwino kuti selo lisakataye, koma ndi odula koopsa, ndipo sitikudziwa ngati amagwira pa mtundu wathuwu. Akuluakulu anga andilola kuti ndiupange mu labu ndi kuuyesa. Zitenga miyezi, ndipo yankho likhoza kukhala ayi. Pakadali pano ndatumiza makapisozi othandiza kugaya chakudya, amene adokotala analemba. Azimwa pa chakudya chilichonse. Ndi amenewo, mchere, chakudya chamafuta ndi kumuwomba pamsana kawiri patsiku, ana ambiri amanenepa n'kuyamba sukulu.

Mlamu, mawu oti pepani ndi ochepa. Ndibwera mu Febuluwale, ndidzawanena ndili pamaso panu.

Sophie


Area 23
6 Januwale 2025

Sophie mwana wanga,

Kalata yako anandiwerengera Lewis, poti maso anga anakana. Atafika pamene unalemba za magazi ako, anaika kalatayo pansi. Anatuluka, anakagwira waya woyanikira zovala, n'kuyamba kulira ngati pamaliro. Ine ndinatsala m'nyumba ndi nkhani ina imene iwe ndi iye simukuidziwa.

Lewis si mwana wanga woyamba. Tisanabwere ku Lilongwe, tili kumudzi ku Ntcheu, ndinabereka atsikana awiri, Queen ndi Tracy. Queen anakhala chaka ndi miyezi itatu, Tracy sanakwanitse chaka. Ankatsokomola, ankadya osakhuta, ndipo onse awiri ankawawa mchere. Tsiku lija nditapsompsona Chisankho ndinauzindikira nthawi yomweyo. Pakamwa panga panali pasanaiwale.

Nthawi imeneyo abambo ako ankagwira ntchito ya misewu, ankabwera pakutha pa mwezi. Amayi anga ndi azakhali anga anati ndi tsempho, mwamuna wako akuyenda ndi akazi kumene akugonako. Iwo anakana. Anagwada pabwalo pamaso pa ankhoswe, anati sanakhudzepo mkazi wina. Sindinawakhulupirire. Tinasamukira kuno kuthawa manyazi, ndipo tinapangana kuti ana obadwa pambuyo tisadzawauze. Inu awiri mutakula bwino, ndinati basi asiya chiwerewere chawo chija. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinawaphikira, ndinawachapira, koma mumtima ndinkati munthu uyu anandiphera ana. Akudwala komaliza anandigwira dzanja, anati, "Dorica, za atsikana aja, sindinachite." Ndinati, "Gonani, zinapita zimenezo." Sindinanene kuti ndawakhulupirira, chifukwa sindinawakhulupirire.

Unalemba kuti unaitenga kwa ine kapena kwa iwo. Ine ndi abambo ako tinali pachisuweni, amayi awo ndi abambo anga anali a mimba imodzi. Ndinakafunsa a Dokotala Thokozire ngati n'zotheka kuti tonse awiri tinali nayo. Anati n'zotheka kwambiri. Ndinawafunsa ngati mwamuna woyenda kunja angadwalitse mwana chonchi. Anati ayi. Ndinawafunsa kachiwiri, anati ayi.

Lachiwiri ndinakwera minibasi kupita ku Chinsapo. Ndinapeza Jemima akuwomba mwana pamsana pakhonde la Ennie. Chisankho wayamba kudzaza masaya. Ndinagwada pafumbi, anthu a pampopi akuona, ndinamuuza zonsezi. Anamvetsera osasiya kuwomba mwanayo. Nditamaliza anati, "Dzukani Amayi, mwadetsa chitenje." Anandipatsa mpando ndi madzi. Ndinamufunsa ngati abwerere kunyumba. Anati, "Panopa ayi. Mwina sindibwerera. Koma mwanayu amafunika kuwombedwa kawiri patsiku, ndipo manja anga amatopa." Anandigwira dzanja n'kulipinda, kundionetsa poyambira. Tsopano ndimapita Lachiwiri ndi Lachisanu. Lewis amapita Lamlungu. Amakhala panja ndi mwana, Jemima salankhula naye, ndipo iye sakakamiza.

Ukabwera mu Febuluwale usadzafikire kuchita zambiri. Ndikufuna udzandiperekeze ku Ntcheu. Manda a atsikana aja alibe mayina, koma malo ake ndikuwadziwa, ali pafupi ndi a abambo ako. Udzatenge pepala la ku labu lija. Ndikufuna ukaliwerenge pamenepo mokweza, m'Chichewa, pang'onopang'ono, monga unalembera achimwene ako. Ine ndikakhala pansi pambali pa abambo ako, ndipo ukamaliza ndili ndi mawu anga oti ndikawauze.

Ndine mayi ako,
Dorica